Waya Wokafika Kuchipinda kwa Mayi Ako

4 Malichi

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kumeneko wadzuka bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi ana. Kuno tilipo. Mayi ako ali momwemo pabedi, mbali yakumanja ija inafa ziwalo sinabwerere, ndipo mawu pakamwa akadali omangika. Ine miyendo ikundinyamula, koma mtima ayi, ndipo wautsina mtimawo ndi iwe.

Katundu wako anafika Lachiwiri. Ndimati ndi mankhwala a mayi ako, kapena nsapato zija ndinatchula chaka chatha. Kutsegula, mawaya awiri a sipika atagona m'bokosi ngati ana a bwana, kumutu kwake kopakidwa golide. Kalata munalibe. Ndisanamalize n'kudabwa komwe, mlongo wako anali atagwada kale kuseri kwa chilimba changa choimbira mbale za nyimbo, akuzula waya wanga. Ndinati, "Iwe, wakutuma ndani?" Akuti, "Tinagwirizana ndi achimwene." Munagwirizana! Liti? Ine mwini nyumba ndili m'nyumba momwemo ngati mpando?

Anamukulunga waya wangayo ngati njoka yakufa n'kumuponya m'katoni. Chowotcherera changa, chija ndimasungunulira mtovu polumikiza mawaya, anapita nacho kushopu kwake n'kukachitsekera pamodzi ndi makina osokera. Akuti ndidzawotcha nyumba. Zaka zonse zija ndinagona pansi pa mabasi ku galaja ndikulumikiza nthambo, ndinawotcha basi iti?

Popeza sunafunse, ndikuuza ndekha. Safunsa anadya phula. Chilimba chili pabalaza, inde, koma sipika imodzi yokha ndi imene imakhala pabalazapo. Inayo ndinaiika pampando pafupi ndi mutu wa mayi ako kuchipinda chakumbuyo, ndipo waya wanga ndi amene amayenda kuchokera pabalaza, kudutsa mukolido, kukafika kumeneko. Mbale zathu za nyimbo zakale zija anazijambula mogawa: oimba amatulukira ku sipika imodzi, ng'oma ndi gitala wamkulu ku inayo. Ine ndinatenga ng'oma, mayi ako ndinawapatsa oimba.

Tsono tamvera. Mayi ako, amene sangathe kunena kuti "madzi" ludzu likawagwira, nyimbo ikayamba amaimba nawo. Mawu enieni, athunthu, mzere wonse. Ine ndimakhala pabalaza chitseko chili chotsegula, ng'oma zili kwa ine, mawu a mkazi wanga akubwera mukolido. M'mawa uliwonse. Nthawi yokhayo ndi imene ndimawamva.

Mawaya ako ndi aafupi ngati mchira wa mbuzi. Safika ngakhale pakhomo la pabalaza. Mlongo wako wabweza sipika ija, waiika pafupi ndi inzake ngati mapasa ojambulitsa chithunzi.

Lembera mlongo wako andibwezere chowotcherera changa. China sindikupempha.

Ine bambo ako.

27 Febuluwale (inafika pa 19 Malichi)

Okondedwa Bambo,

Moni kuchokera kwa ife tonse. Kuno kukuzizira koopsa, koma ntchito ku fakitale ikuyenda, ndipo ana akufunsa agogo awo tsiku ndi tsiku. Amayi ali bwanji? Chemwali anandilembera kuti akudya bwinoko, ndinasangalala kwambiri.

Ndakutumizirani kamphatso. Kalata ino ndaiponya payokha kuti ifike msanga, mudziwiretu. Ndi mawaya a chilimba chanu, enieni a kusitolo ya zoimbira. Bambo, mawaya amenewa si masewera ayi. Mkuwa wake ndi woyengedwa bwino, kumutu kuli golide kuti asachite dzimbiri. Wogulitsayo anandiyesera m'kachipinda kake, ndinamva mpaka woimba akukoka mpweya. Masipika muwaike ina uku ina uku kwa chilimba, inu mukhale pakati, mudzamva ngati gulu lonse lalowa pabalaza panu.

Zolumikizalumikiza zidutswa zija mupume nazo. Mwagwira ntchito, Bambo, manja amenewo apumule. Zinthu zinasintha masiku ano, waya wopanga pamanja amataya mawu panjira. Chemwali akakuuzani za chowotcherera musamukalipire, nzeruyo ndi yanga.

Nsapato sindinaiwale.

Mwana wanu.

21 Malichi

Bwana injiniya,

Moni sindiiwala ngakhale ndakwiya. Udzuke bwino ndi banja lako.

Kalata yako yothamanga ija yafika dzana, katundu atakalamba kale m'nyumba muno. Ili ngati mawaya ako omwe, yokongola koma yosafika pamene ikufunika.

Akuti waya wanga amataya mawu panjira. Anataya angati? Unawatola pati? Ine sukulu ndinalekera panjira, zoona, koma magetsi safunsa satifiketi.

Ndipo mawu aja akuti manja apumule si oyamba kuwamva. Ku galaja kutabwera anyamata a makina oyezera, bwana anandiitanira muofesi n'kundiuza kuti, "Madala, manja apumule." Ndendende. Anandipatsa wotchi yapakhoma, ngati kuti munthu wochotsedwa ntchito amasowa kudziwa nthawi. Bwana uja ndinamusunga mumtima zaka zonsezi, sindimadziwa kuti ndabereka wina.

Mayi ako atonthola. Ndayesa kukweza chilimba kuti mawu akafike kuchipinda, koma chofika kumeneko ndi phokoso chabe, ngati wailesi ya aneba, ndipo aneba enieniwo abwera kale kudzagogoda. Ndikalowa amandiyang'ana, n'kuyang'ana pampando pamene panali sipika, kenaka n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ndinayesa kuwaimbira ndekha. Mawu anga ukuwadziwa. Anatseka maso.

Mlongo wako sakukhulupirira. Amachoka m'mamawa kupita kushopu, pobwera mayi ako amakhala atatopa, ndiye sanawamvepo. Akuti ndikupeka kuti andibwezere zidole zanga. Zidole!

Ndamuuza kuti Lamlungu tiyese, waya wako ndi wanga, makutu anga aweruze. Ndidzakulembera kuti manyazi akupeze komweko.

Bambo ako, amene manja awo sanatope.

2 Epulo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ndi alamu anga ndi ana. Ine kuno ndasanduka mdani m'nyumba ya makolo anga chifukwa cha nzeru zanu zija. Bambo sakundilankhula. Amalankhula ndi khoma ine ndili pomwepo: "Khoma iwe, umuuze telala uja kuti shuga watha."

Musamve zawo zokha. Dzanja lawo limanjenjemera, mukudziwa. Tsiku lina anachigwira chowotcherera kumoto kwake, chikhatho chinatuluka matuza, iwo n'kumabisa dzanja m'thumba ngati mwana woba. Waya wawo uja analinso zidutswazidutswa zomanga ndi tepi, woyala pansi mukolido. Ndinakodwa naye nditanyamula beseni la madzi otentha okasambitsira Amayi. Zimenezi m'makalata awo sakulemba, ndikudziwa.

Lamlungu tinayesa monga anafunira. Anandituma kukatulutsa waya wawo m'katoni, anadulako zidutswa zolingana ndi anu. Anakhala pampando atamanga thaulo kumaso, ine kuseri ndikusintha mawaya. Ndinayamba ndi anu. Nyimbo itangoyamba anamenya ntchafu: "Ameneyo! Wamumva gitalayo? Ameneyo ndi waya wa munthu wodziwa ntchito!" Ndinasintha n'kuika wawo. Anakwinya nkhope: "Chotsa, chotsa! Golide wachabechabe. Akuimba ngati ali m'chitini." Tinabwerezabwereza, pena analondola, pena anaphonya. Kunena zoona, nanenso sindinamve kusiyana kulikonse.

Nditawamasula thaulo n'kuwaonetsa, anayang'anitsitsa mawaya aja. Ndinachita mantha kuti ndawapweteka. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndapambana." Ndinati, "Bambo, mwaphonyatu." Akuti, "Ngati ine mwini wake sindingasiyanitse, ndiye kuti waya wa m'basi yakufa ndi wa golide ndi amodzi. Tsono wochenjera ndani, wotola kapena wogula?" Mawu amenewa anauza khoma, koma anati ndikulembereni.

Achimwene, chondilembetsa chenicheni ndi china. Amayi abwerera m'mbuyo. Chakudya akukana, ndipo ndikamawatembenuza sakuthandizira ngati kale. Kuchipatala sakuona chatsopano. Bambo akuti ndi sipika. Akuti Amayi amaimba. Ine chaka chonse ndikuwasambitsa ndi kuwapesa, sindinamvepo liwu limodzi lomveka. Mwina Bambo amamva zimene mtima wawo ukufuna. Mundiuze chochita, msanga.

Mlongo wanu.

19 Epulo

Chemwali,

Moni. Kalata yako ndi ziwiri za Bambo zafika tsiku limodzi, ndaziwerenga chiimirire pakhomo. Bwanji sunandiuze kuti sipika ina inali kuchipinda kwa Amayi? Ine ndimaona ngati vuto ndi waya wokalamba basi. Ndikanadziwa sindikanagula aafupi.

Za kuimbazo sindikudziwa. Iwe uli pompo sunamve, ine wakutali ndinganene chiyani? Komanso munthu kumamva oimba okha popanda ng'oma ndi nyimbo imeneyo? Komabe tisatsutsane nawo. Ndaitanitsa waya wautali, mnzanga wina akubwera kumeneko mu Juni, adzabweretsa. Uwauze adikire. Chowotcherera usawapatse, tingawonjeze odwala m'nyumbamo.

Ineyo sindiwalembera panopa. "Bwana injiniya" uja wandikhala pakhosi.

Ndine mlongo wako.

9 Meyi

Mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi onse a m'nyumba mwako.

Mlongo wako anandiwerengera uthenga wako woti ndidikire Juni. Iwe uli ndi ma Juni ambiri kutsogoloku. Mayi ako sindikudziwa.

Lachisanu ndinapita ku galaja yakale. Mlonda akadandikumbukira, anandilola kulowa kuseri, kumanda a mabasi. Ndinasolola nthambo ziwiri za nyali zakumbuyo, yofiira ndi yakuda, zija zimayenda kuchokera kwa dalaivala mpaka kumchira, zopanda mfundo ngakhale imodzi. Basi ndi yaitali kuposa nyumba yathu.

Kunyumba ndinapota monga tinkachitira ku galaja. Nsonga ziwiri ndinamanga pachogwirira cha chitseko cha kukhitchini, zinazo ndinapana kukamwa kwa chobowolera chamanja, n'kuyenda chafutambuyo mpaka pageti, nthambo zitakungika. Ndiye n'kumapukusa. Pa ntchito imeneyo dzanja lonjenjemera silivuta. Nthambo zinalukana bwinobwino ngati tsitsi la mkwatibwi, aneba ataima pampanda akufunsana ngati ndayamba kuweta ng'ombe.

Pansi sindinayale, mlongo wako angadzakodwenso. Pamenepo ananena zoona, ngakhale sindinamuuze. Ndinakoleka waya pamisomali ya pamwamba pa zitseko ndi ndodo ya tsache, osakwera pampando, kuti musadzagwirizanenso zina.

Zinatsala nsonga. Mkati mwa nthambo ya basi muli timawaya tambirimbiri, tikapanda kumatidwa ndi mtovu timabalalika ngati ndevu, ndipo ka kofiira kakakhudza ka kwakuda chilimba chimapsa. Ndinayesa kupota ndi zala, zala zinandikana. Ndinakhala pansi mukolido, waya ali m'manja, atafika pakhomo la mayi ako, ine osatha kumulowetsa.

Loweruka m'mawa mlongo wako akuvala nsapato, ndinaima pakhomo. Khoma ndinalisiya, ndinalankhula ndi mwini wake. Ndinati, "Mwana wanga, chowotcherera sindikupempha. Uchigwire ndiwe. Munthu wolowetsa ulusi pasingano osayang'ana sangalephere kadontho ka mtovu. Ukamaliza ukachitsekerenso. Mayi ako akapanda kuimba, sindidzatchulanso waya mpaka kumanda." Anamaliza kuvala nsapato. Anatuluka, ine ndimati basi wapita kuntchito. Posakhalitsa ndinamva geti, akubwera nacho chokulunga m'kansalu.

Ine pakamwa, iye manja. Ndinati, "Tenthetsa waya, osati mtovu. Mtovu uyende wokha." Koyamba anaunjika chibuluma ngati chitosi cha nkhuku. Ndinamuuza kuti ku galaja akanamuthamangitsa tsiku lomwelo. Akuti, "Ndiye gwirani nokha." Ndinamusiya abwereze. Kachiwiri nsonga inawala ngati siliva. Mwana ameneyu akutaya nthawi ndi nsalu.

Zotsatira akuuza yekha, popeza ine ndimapeka. Ndamusiyira pepala.

Bambo ako.

Achimwene, ndi ine. Mukhululukire kalembedweka.

Tinabweza sipika pampando uja n'kulumikiza. Bambo anati ndikhale kuchipinda, iwo anapita pabalaza kukaika mbale. Poyamba kunangomveka kukanda kwa singano. Kenaka oimba, pafupi ndi khutu la Amayi, ng'oma zikugunda patali kumathero a kolido. Amayi anatsegula maso. Ndime yoyamba inatha, palibe chochitika. Ndinayamba kusakasaka mawu oti ndikawatonthoze nawo Bambo.

Pofika pobwereza paja, milomo inayamba kugwedera. Achimwene, Amayi anaimba. Mawu osasa pang'ono, koma liwu lililonse pamalo pake, mpaka kukokera kumapeto monga ankachitira akamachapa. Ndinangokhala pansi pasimenti. Chaka chonse ndakhala ndikutseka geti m'mawa, kumbuyo kwanga mayi anga akuimba.

Nyimbo itatha, Bambo anakuwa ali pabalaza: "Telala! Ndikupeka?" Ndinayankha chapansipansi. Akuti, "Sindikumva! Ndikupeka?" Ndinati, "Ayi, Bambo." Akuti, "Kweza mawu, aneba amve!"

Masana amenewo Amayi anadya mbale yonse. Kushopu sindinapite.

Mlongo wanu.

27 Meyi

Bambo,

Moni kwa inu, Amayi ndi chemwali. Kalata yanu ndinaiwerengera kuntchito, ndinachita kukabisala kuseri kwa makatoni kuti anzanga asandione nkhope. Pepani, Bambo. Ndimafuna kuteteza manja anu, sindinadziwe chimene ndikudula.

Waya wa Juni uja ndamuletsa. Kuno kuli kabokosi kosakaniza mbali ziwiri, kuti aliyense azimva nyimbo yathunthu, oimba ndi ng'oma pamodzi. Nditumize? Ulendo uno ndikufunsa kaye.

Mundiuzenso nyimbo yake ndi iti, ndikufuna ana aiphunzire.

Mwana wanu.

14 Juni

Mwana wanga,

Moni. Tadzuka bwino tonse atatu.

Kupepesa kwako ndakuona. Kwa papepala ndalandira, koma mlandu sunathe. Udzatha ukadzabwera wekha n'kuima mukolido m'mawa, manja kumbuyo, n'kumva ndi makutu ako. Nyimboyo sindikuuza dzina, udzaimvera komweko.

Kabokosi usatumize. Ndinawafunsa mayi ako, anapukusa mutu mpaka pilo anagwa. Oimba ndi awo, ng'oma ndi zanga, tinagawana kale ndipo palibe amene wadandaula.

Mawaya ako a golide sindinataye. Mmodzi ali pa sipika ya pabalaza ndipo akugwira ntchito bwino. Ndanena, usandibwerezetse. Pa mawu, onse ndi amodzi, thaulo linaweruza. Koma wa kusitolo amabwera ndi muyeso wa sitolo, ndipo sitolo sidziwa kuti mayi ako agona chipinda chiti.

Chowotcherera chikadali kwa mlongo wako. Tsopano sakundibisira, akundikaniza chifukwa wachikonda. Wakonza kale ayironi yake ndi kanyali ka pamakina osokera. Lamlungu ndimamuphunzitsa, ndipo amayankha mwano ngati anyamata a ku galaja. Kushopu akumachedwa dala m'mawa, akuti makasitomala adikire mbali imodzi ya mbale ithe.

Tsono chachikulu ndi ichi. Dzulo nyimbo ili mkati mayi ako anasiya kuimba n'kuloza zenera. Tinatsegula. Analozabe. Mlongo wako anafunsa kuti, "Amayi, mukufuna chiyani?" Ndipo mayi ako, popanda woimba wowatsogolera, ananena okha kuti, "Panja."

Tinawanyamula pampando mpaka pakhonde. Anakhala padzuwa akuona anthu odutsa mumsewu, mayi wogulitsa masamba mpaka anatula dengu kudzawagwira dzanja. Kenaka ananditembenukira ndi diso lija la mkazi wofunsa mwamuna wake kuti nanga nyimbo ili kuti. Ndinapita kukakoka sipika. Waya wanga amathera pakhomo la kukhitchini, pakhonde safika.

Ndiye ndisachulutse. Mlonda wa ku galaja amaweruka masana, ndipo kuseri kuja ndinaonako basi ina yaitali kuposa yoyamba. Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi ana. Ine ndanyamuka.

Bambo ako.